Tinapita Kukaona Malaiti, Tinabwerera mu Mdima

Masukulu atatseka mu Disembala, mlongo wanga wa ku Chelstone anatumiza mwana wake wamkazi wa Giredi 4 kuti adzakhale nane ku Kabwata sabata imodzi. Tsiku lomubweza kwawo, Loweruka pa 21 Disembala 2024, anandigwira malaya ndisanasukusule n'komwe. "Amalume, munanena kuti mudzandionetsa malaiti a Khrisimasi." Mwana saiwala ngongole. Choncho m'malo mokwera basi imodzi yopita m'tauni ndi ina yopita ku Chelstone, tinazungulira mzinda tsiku lathunthu: Cairo Road, Woodlands, Kabulonga, ma mall a mu Great East Road, kenako kwawo.

Ndikuuziretu kuti ndinabwerako wokwiya, kuopa kuti mungawerenge mpaka kumapeto mukuyembekeza nkhani ya ayisikirimu ndi zithunzi. Malaiti okhawo alibe mlandu. Ndi okongola, ndipo wokana zimenezi ndi wabodza. Mkwiyo wanga uli pa ife, ine ndi inu a m'makomboni, amene tinavomera kalekale kuti kuwala ndi chinthu chochita kukwerera basi kukachiona, ngati nyama za ku Munda Wanga, kenako munthu n'kubwerera kwawo kukagwera m'ngalande.

Tinanyamuka cha m'ma 09:00. Malaiti anali atapita dzulo lake madzulo, tiyi tinawiritsa pa mbaula. Taonani Chinyanja chathu cha mu Lusaka: mawu amodzi omwewo, malaiti, timatchulira magetsi ophikira nsima komanso timababu tija tothwanima pa mtengo wa Khrisimasi. Ndiye kuti tinatuluka m'nyumba yopanda malaiti kupita kukaona malaiti, ndipo palibe anaseka. Panjira tinadutsa wometa tsitsi atakhala pa benchi, makina ake ali m'manja, akudikira. Wowotcherera zitsulo anali atagona pa geti limene analilandirira kale theka la ndalama. Chokongoletsa chokha chimene ndinaona mu Kabwata m'mawa umenewo chinali kachingwe konyezimira kamene mayi wina anazengereza pa kantemba kake ka vitumbuwa.

Mu Burma Road mwana anaona nyumba zozungulira za udzu za pa Kabwata Cultural Village n'kufunsa ngati ndi mudzi. Uphunzitsi ndi matenda, sindinathe kukhala chete. Ndinamuuza kuti likulu la dziko litasamuka ku Livingstone kubwera kuno mu 1935, mzindawu unajambulidwa potsatira maganizo a katswiri wa ku Britain, Stanley Adshead, kuti ukhale mzinda wa mitengo, mabwalo ndi misewu yotakata. Koma mitengoyo inali ya azungu. Munthu wakuda ankaonedwa ngati wantchito wodutsa, wobwera kudzasesa, kuphika ndi kukumba, ntchito ikatha abwerere kumudzi. Timanyumba tozungulira tija n'totsalira pa tambirimbiri timene anamangira antchito oterowo. Mwana anangoti "oho" n'kufunsa za malaiti. Inu amene mukuwerenga musati "oho". Sungani chaka chimenecho, 1935, tichifunanso kutsogoloku.

M'tauni nyimbo ya Khrisimasi chaka chino inali ya jenereta. Kuyambira ku Findeco House mpaka kumtunda kwa Cairo Road, pafupifupi khomo lililonse linali ndi kake, kakulira ndi kulavula utsi m'makonde. M'mawindo munali mitengo ya pulasitiki yowazidwa thonje. Anyamata ogulitsa m'masitolo anavala zipewa zofiira za ubweya, thukuta likuyenderera m'khosi. Mwana anafunsa kuti thonjelo n'la chiyani. Ndinati akuyerekeza chipale chimene chimagwa ku Ulaya nthawi ino. Anayang'ana kumwamba kumene mitambo ya mvula inali kusonkhana, anayang'ana mayi amene anali ndi beseni la mango pakona, n'kunena kuti, "Nanga bwanji sanaikepo mango?" Ndakhala m'kalasi zaka zambiri, koma funso lolunjika chotere sindinalimvepo. Disembala wathu ndi wa mango, bowa, inswa ndi chimanga chobiriwira m'mbali mwa misewu. Komabe chaka ndi chaka timakongoletsa mzinda ndi nyengo ya eni ake.

Thonje lokha silikanandilembetsa nkhani. Khrisimasi yeniyeni ya m'tauni tinaipeza kuseri, cha ku City Market ndi ku Soweto, kumene amayi anali kufukula milu ya salaula kufunafuna diresi ndi nsapato za ana, kutsitsa mtengo mpaka mawu kusasa. Kumeneko kulibe mtengo wa pulasitiki, kuli matope ndi mawilibala. Koma ndalama imene imayendetsa mzinda uno imadutsa m'manja amenewo. Dzuwa likalowa, amayi omwewo amalongedza msangamsanga, chifukwa amadziwa zimene mdima umabweretsa kwa munthu wonyamula ndalama ya tsiku m'chitenje.

Masana tinakwera basi ya ku Woodlands, ndipo kuchoka kumeneko tinalowera ku Kabulonga. Ku mayadi kunali zii. Ngakhale majenereta a kumeneko amalira mwaulemu. Pa madenga ambiri panali masola, ndipo pamwamba pa mipanda, pomwe pali mawaya a magetsi oopsezera akuba, ena anazengerezapo zingwe za timababu. Pa geti lina panali nyenyezi yaikulu ya mawaya imene inali itayaka kale ngakhale kunali kusanade. Mwana anapempha kuti ndimujambule. Ndisanatulutse foni bwinobwino, mlonda wachikulire anatuluka m'kanyumba kake.

"Pepani bosi, pano sajambula. Abwana sakonda."

"Pepani madala, ndi mwana chabe wafuna nyenyeziyo."

Anayang'ana uku ndi uku. "Jambulani msanga, koma nambala ya nyumba isaoneke." Kenako anaseka pang'ono. "Nyenyeziyo ndinaikweza ndine, ndi makwerero. Yakhala bwino, eti?"

Ndinamufunsa kumene amakhala. Anati ku Mtendere, ndipo akaweruka amayenda wapansi. Inu nonse mukudziwa kuti Mtendere ndi Kabulonga n'zoyandikana ngati mphuno ndi mlomo, monganso Bauleni ndi Woodlands, kapena Kalingalinga ndi ma mall a pafupi ndi UNZA. Si mwangozi. Pafupi ndi yadi iliyonse pali komboni yoitumikira, yotulutsa alonda, ophika, olera ana ndi osamalira maluwa. Manja amene amapachika malaiti a Lusaka amachokera kumene kulibe malaiti. Mzungu anapita mu 1964, koma mapu ake a 1935 anatsala, ndipo usiku ndi pamene amaoneka bwino. Mukadzakwera pamalo okwera kunja kutada, mudzaone: pamene pakuwala ndi pamene pali bii mpomwe padutsa malire akale aja, kungoti masiku ano amene amasankha ndi thumba.

Cha m'ma 18:00 tinafika mu Great East Road, kumene kuli Manda Hill, Arcades ndi East Park. Apa ndiyenera kunena chilungamo. Kunali kokongola. Mitengo italiitali yovekedwa timababu, zingwe za kuwala zolendewera ngati mvula yoima m'malere, nyimbo, fungo la nkhuku yokazinga. Mwana anaima kukamwa kuli yasa, dzanja lake likufinya langa. Ine ndemwe, mwamuna wa digiri, mtima unasungunuka. Ndipo khamu limene linadzaza pamenepo silinali la ku mayadi lokha. Anali ife: mabanja a ku Ng'ombe, Garden, Kaunda Square ndi Chawama, ana atavala za Khrisimasi tsiku lisanafike, anyamata ndi atsikana akusinthana foni imodzi kujambulana. Ambiri sanagule kanthu. Anabwera kudzabwereka kuwala kwa ola limodzi, kuti chithunzi chikakwere pa Facebook ndi pa WhatsApp. Sindikuwaseka, nanenso ndinajambula zithunzi zoposa makumi awiri.

Kenako tinakwera basi ya ku Chelstone. Titatsika n'kuchoka pa msewu waukulu, mdima unatimeza. Mvula inali itagwa, njira inali madzi okhaokha, ndipo tochi ya foni yanga inali kutha batire chifukwa cha zithunzi zija. Ndinamubereka mwana kumsana. Kutsogolo kunkamveka mapazi a munthu amene sindinkamuona, ndipo ndinagwira chikwama changa mwamphamvu, ngakhale kuti mwina nayenso ankaopa ine. Tili pafupi kufika, mwana analankhula m'khutu mwanga ndi mawu a tulo: "Amalume, malaiti aja adzafika liti kuno kwathu?" Sindinamuyankhe. Mlongo wanga tinamupeza atayatsa kandulo pa mbale, akusita yunifomu ya kwaya ndi nsimbi ya makala.

Tsopano ndiyankhe amene ndikudziwa kuti anditsutsa, chifukwa ena ndakumana nawo kale mu staff room ndi m'basi.

Oyamba ndi amene amati ma mall azimitse malaiti awo, chifukwa n'chipongwe kuthwanimitsa mitengo dziko lili mu load shedding. Mtima wawo ndikuumvetsa, koma masamu awo ndi olakwika. Chingwe cha timababu ta LED chimadya mawati ochepa kwambiri, kawirikawiri osafika 10, pamene nsimbi imodzi ya magetsi imadya mawati 1,000 kapena kuposa. Mutazimitsa mitengo yonse ya Khrisimasi mu Lusaka, wometa wa ku Kabwata uja sangamete mutu ngakhale umodzi wowonjezera. Chimene mungapindule n'chakuti mwana wa mlongo wanga asaone ngakhale kochepa kaja. Kufanana mu mdima ndi nzeru ya mfiti, yoti ngati ine ndilibe, mnzanganso asakhale nacho.

Achiwiri amati zonsezi ndi chilala, palibe wolakwa. Chilala chinalikodi. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi athu ambiri, oposa 80 pa 100 alionse, amachokera ku madzi, ndipo madzi a mu Kariba atatsika, pa makina 6 a ku Kariba North Bank panatsala amodzi okha ozungulira. Mu Seputembala tinafika pokhala maola 21 pa tsiku opanda malaiti. Ana anga a Giredi 9 ndi 12 anakonzekera mayeso ndi makandulo ndi matochi a foni, ndipo mayeso amene analemba ndi omwewo amene analemba mwana wa nyumba ya nyenyezi ija, wowerenga pansi pa babu la sola. Chilala chinagwa pa tonse, koma mdima unasankha makomo. Ndiponso tisanamizane: njira ya kwa mlongo wanga inali yamdima chilala chisanabwere, inali yamdima m'zaka zimene Kariba anali wodzaza. Nkhani imeneyi ndi yakale ngati damulo. Pomanga Kariba m'zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa kwawo, magetsi n'kumadutsa pamwamba pa midzi yawo kupita ku migodi ndi ku matauni. Wolipira mtengo wa kuwala kawirikawiri si amene amakhala m'kuwalako.

Achitatu amati, "Aphunzitsi, mukuwononga Khrisimasi ndi ndale, lekani ana asangalale." Amenewa ndiwakumbutse kuti nkhani imene tikukondwererayi inachitikira m'khola, ndipo oyamba kuuzidwa anali abusa ogwira ntchito ya usiku kutchire, anthu ofanana ndi madala aja a pa geti. Dziko lino linalengezedwa kukhala lachikhristu pa 29 Disembala 1991, patangopita masiku anayi kuchokera pa Khrisimasi. Ngati mawu amenewo ali ndi tanthauzo, tanthauzo lake likaonekere pa njira imene namwino woweruka usiku amadutsa, pa siteshoni pamene mtsikana wa ku koleji amatsikira basi, pa msika pamene amayi amatseka msanga chifukwa cha mantha. Mwana asangalale, inde. Koma chisangalalo chimene chimatha basi ikakhota n'chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndiye ndafika pa ife. Timadziwa kudandaula pa intaneti. Malaiti akapita, nthabwala zimabadwa mphindi yomweyo, ndipo zina n'zoseketsadi. Koma ndi angati mwa inu amene anapondapo pa msonkhano wa Ward Development Committee ya kwanu? Ndi angati amadziwa dzina la khansala wawo? Ndalama ya CDF, imene chigawo chilichonse cha phungu chimalandira, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni. Kabwata ili ndi yake. Munali, mmene muli Chelstone, Mtendere ndi Kalingalinga, ili ndi yake. Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya wadi, n'kukwera kupita ku komiti ya CDF. Amene amapita ku misonkhano imeneyo ndi amene zofuna zawo zimalembedwa. Ife a zaka 18 mpaka 35 timakhala tili pa foni.

Nyali ya mu msewu ya sola sidikira Kariba. Ndi mtengo wachitsulo, sola pamwamba, batire ndi babu. Dzuwa la Lusaka limaidyetsa masana, usiku n'kuyaka yokha. Mwaziona kale m'misewu ina ikuluikulu, kumene kumadutsa magalimoto amene ali ndi nyali zawozawo. Funso langa n'lakuti, bwanji kuwala kumayamba kupatsidwa kwa galimoto, munthu wapansi n'kumadikira?

Wina anena kuti ndalama n'zochepa, ndipo pali zofunika kuposa nyali: madesiki, zipatala, ngalande. Sindikana. Ndine mphunzitsi, ndikudziwa kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo chiyambire maphunziro aulere mu 2022. Ndikukumbukanso kolera imene inasandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale 2024. Ngalande n'zofunika. Koma amene amatiuza kuti tisankhe pakati pa ngalande ndi nyali sanasankhepo yekha, kwawo zonse zilipo. Ndipo sindikupempha mtengo wa Khrisimasi pa kona iliyonse. Ndikunena nyali pa siteshoni ya basi, pa msika, pa mlatho wodutsa ngalande, pa geti la kiliniki ndi la sukulu. Sindikuona chifukwa chimene sukulu ya boma, yokhala ndi denga lalikulu lopsa ndi dzuwa tsiku lonse, singakhalire ndi kalasi imodzi yoyaka madzulo, kuti mwana wa m'nyumba ya kandulo akawerengeremo mpaka 20:00.

Winanso anena kuti mukaika nyali ku komboni, sabata silitha, mabatire abedwa. Apa mutu ndiweramitse, chifukwa zimachitikadi. Koma wakubayo sachokera ku Kabulonga. Ndi mwana wa pa nyumba yachitatu, timamudziwa, amayi ake timapemphera nawo. Wogula batire yotsika mtengo popanda kufunsa kumene yachokera ndi ife tomwe. Ku mall palibe amene amathyola kababu ngakhale kamodzi, chifukwa timadziwa kuti kali ndi mwini wake. Nyali ya mu msewu wathu timaiona ngati ya boma, ndipo boma timaliona ngati mlendo. Malinga ngati tikuganiza choncho, Adshead akupambanabe ali m'manda: tikukhala mu Lusaka ngati antchito odutsa, osati eni mzinda, ngakhale kuti michombo yathu inakwiriridwa konkuno.

Masukulu akatsegulidwa mu Januwale, ana anga adzalemba chimangirizo cha chaka chilichonse chija, cha mmene anadyera Khrisimasi, ndipo theka la kalasi lidzalemba kuti linapita kukaona malaiti. Chaka chino ndiwonjezera ntchito ina. Aliyense adzawerenge nyali zimene zimayaka kuchokera pamene amatsikira basi mpaka pakhomo pawo, alembe nambalayo pamodzi ndi dzina la njira, ndi malo amene amaopa kudutsa kukada. Mapepalawo ndidzawasonkhanitsa n'kupita nawo ndekha ku komiti ya wadi yathu, ndipo ndidzabwererako mwezi wotsatira kukafunsa pamene afika.

Inunso chitani chimodzimodzi. Pitani mukaone malaiti, tengani ang'ono anu, jambulani mpaka batire ithe. Koma pobwerera, mukatsika basi, werengani. Kwa mlongo wanga ku Chelstone ndinawerenga ndili ndi mwana kumsana, kuchokera pa msewu waukulu mpaka pa chitseko. Ndinapeza imodzi, ya pa bala.